Zenera Lachinayi

Ntchito yanga ndi kudinda.
Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri pa zenera lachinayi,
kuseri kwa galasi la kabowo koyankhulira,
mu ofesi ya kalembera, pa yunivesite ina kuno ku Arequipa.
Phiri la Misti limandisuzumira m'mawa uliwonse
koma silinandifunsepo kuti ndadinda angati.

Fomu yosiyira sukulu ndi pepala limodzi basi.
Pansi pake pali kabokosi: Chifukwa.
Kabokosiko n'kochepa,
chala chachikulu chimakaphimba konse.
Ambiri amalembamo kuti "Za kunyumba."
Ine n'kudinda, phaa,
n'kuitana wotsatira.

Koma khutu lilibe chitseko.

Wilber Ccama, chaka chachiwiri cha uinjiniya,
usiku ankalondera sitolo ya matayala,
m'mawa kukwera minibasi ziwiri,
masana kuwodzera pa masamu.
Mutu anali nawo mnyamata uja.
Kungoti tulo ndi ngongole,
mwini wake amadzaitenga tsiku la mayeso.

Nélida wa ku Ayaviri ndalama sizinamuthere ayi.
Miyezi isanu ndi iwiri m'kalasi ya anthu zana
popanda mphunzitsi womuitana ndi dzina.
Tsiku lina anayankha funso,
lilime la kwawo kumapiri linasuzumira m'mawu ake,
wina kumbuyo anaseka,
pang'ono chabe, ngati akutsokomola.
Kuyambira pamenepo anasamukira pa mpando wa kukhomo.
Wokhala kukhomo sachedwa kutuluka.

Wina anali ndi pakati.
Wina bambo ake anabwera ku mgodi ndi chifuwa chosatha.
Wina amalume anamusankhira zamalamulo
mtima wake uli pa ziweto zodwala,
anapirira zaka ziwiri, kenaka anangoti zii.

Akuluakulu a pamwamba amawerenga manambala chaka chikatha,
amapukusa mitu, amati ana a masiku ano salimba,
n'kuitanitsa chikwangwani chatsopano cha pa geti.

Lachinayi lapitali kunabwera Yaneth Huarachi,
wa unamwino, watsala chaka chimodzi.
M'kabokosi sanalembe mawu. Analemba 380.
Ndinati, chimenechi n'chiyani, mwanawe?
Anati lendi. Mwini nyumba waika loko wake pa chitseko,
mabuku ndi yunifolomu zili m'katimo.

Ndinanyamula chidindo.
Dzanja linakana.
Ndinati inki yauma, ubwere Lolemba.
Linali bodza, inki ndinali nditathira m'mawa womwewo.

Atachoka ndinatseka zenera nthawi isanakwane,
ndinakwera masitepe ndi mawondo angawa.
Kumtunda kuli thumba la ophunzira ovutika,
chidziwitso chake chinamatidwa kuseri kwa kabati
kuyambira chaka chomwe anapenta khoma.
Mnyamata wa kumeneko anati afunika masiginecha atatu.
Ndinati awiri ali m'khonde lomwe lino, tiye.
Wachitatu anali atapita ku msonkhano
wokambirana chifukwa chake ophunzira amasiya sukulu.

Ndinatsikira ku kantini.
Mayi Hermelinda, akusenda mbatata,
anati mwana wawo anapita ku Lima, bedi lili gone,
mtsikanayo angogonapo mpaka mayeso atha.
Sanafunse fomu. Anangofunsa ngati amadya tsabola.

Sindikudzitama.
Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri masitepe aja analipo,
ine ndili pansi pake, ndikudinda.
Wilber ndinamuona mwezi watha akupopa tayala la lole,
anandipatsa moni mwaulemu,
ulemu wake unandiwawa kuposa chipongwe.

Lero ndi Lachisanu madzulo.
Pepala la Yaneth lili m'dirowa, pansi pa kapu ya tiyi.
Foni yake ikungoitana, sakuyankha,
kaya batire, kaya manyazi.
Siginecha yachitatu sinapezekebe.
Pa tebulo pali mafomu ena makumi anayi ndi imodzi,
onse "Za kunyumba."
Ndatenga lumo, ndadula mapepala oyera,
ndikumata limodzi limodzi pansi pa kabokosi kaja
kuti wobwera Lolemba apeze polemba pokwanira.